Katalisiti yanga ya nickel yasanduka ya buluu, nditani?

Tiyamike: Akuluakulu ndithandizeni chonde, ndikupanga katalisiti yosandutsa CO2 kukhala methane. Ndinanyowetsa gamma alumina ndi nickel nitrate, Ni 10%, nkuumitsa pa 110°C usiku wonse, kenako furnace pa 500°C. Magetsi anathima mkatikati, atayaka ndinangodina start nkuthamangira kombi ya ku Mbare. Mmawa ndapeza ufa uli buluu pomwe batch yoyamba ija inali yotuwa mobiriwira. Ndapanga reduce (kuchotsa oxygen pa nickel) ndi hydrogen pa 500 koma mu reactor pa 350 CO2 ikungodutsa mmene yalowera, methane olo pang'ono

A Phiri: Mwana wanga buluu ameneyo ndi nickel aluminate, NiAl2O4. Nickel walowa mkati mwa alumina ndipo izi zimachitika moto ukapyola, cha m'ma 700 kupita m'mwamba. Furnace yanuyo siinaime pa 500 ayi. Pali ma controller ena magetsi akabwera amaiwala ramp (kukweza moto pang'onopang'ono), amangokoka moto onse kamodzi.

Tiyamike: Koma bambo screen imaonetsa 500 ndithu

Mavuto: Screen imanena zomwe thermocouple (kachipangizo koyeza kutentha) yauza basi achemwali. Ikasuntha nkukhala kufupi ndi chitseko imawerenga pozizira pomwe pakati pakuyaka, ife ku Msasa zinatipweteka miyezi iwiri tisanadziwe. Lowetsani thermocouple ina pafupi ndi crucible muyerekeze.

Tiyamike: Ndiye nditumize ku XRD (kuyeza ndi X-ray kuti ndidziwe zomwe zili mu ufawu)? ndalama ya sample imodzi yokha ndi imene yatsala

A Phiri: Ayi musawononge ndalamayo. Ma peak a aluminate amagona pamodzimodzi ndi a gamma alumina, cha pa ma angle a 37, 45 ndi 66, mudzangoyang'anizana nawo osadziwa uyu ndani. Chomwe mungaone mwina nkusowa kwa peak ya NiO (nickel oxide) pa 43.3 koma pa 10% nthawi zina siioneka ngakhale zinthu zili bwinobwino. Pangani TPR (kutenthetsa ufawo pang'onopang'ono mu hydrogen nkuona pomwe hydrogen akudyedwa). Hydrogen akamadyedwa cha m'ma 800 ndiye kuti ndi aluminate, nkhani yatha.

Chisomo: Ine ndingoti musataye ufawo. Reduce pa 800 imamutulutsa nickel ndipo amatuluka timibulu ting'onoting'ono togwira zolimba pa alumina, ena amachita kufuna dala zimenezi. Chondidetsa nkhawa ndi surface area, ngati moto unapitirira kwambiri ma pore (timabowo ta alumina) agwa, BET (test yoyeza surface area) ikuuzani poyerekeza ndi alumina yosapsa.

Mavuto: Mukatero musatsegule reactor nthawi yomweyo, nickel wa reduce amatha kuyaka akakumana ndi mpweya. Azizire mu nitrogen kaye kenako 1% oxygen pang'onopang'ono

Tiyamike: Ndabwera ku lab, thermocouple ndaipeza itatuluka theka, ikulendewera kuchitseko. A Mavuto munalondola. Batch yatsopano ndiyamba Loweruka mmamawa, 2°C pa mphindi, ndikhala pompo mpaka ithe. Wabuluuyu ndikagawa pawiri, wina TPR wina BET.

A Phiri: Sunganiko pang'ono mu desiccator (chotengera choteteza ku chinyezi), mulembe tsiku pabotolo.