Apongozi asiya Pontiac GTO ya 1969 ya denga lopinda: tigulitse zingati, ndipo kuti?

aNabanda, South Bend

Abale anga, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu odziwa magalimoto akale a kuno ku America. Paja safunsa anadya phula.

Apongozi anga aamuna anatisiya mu February. Anali mzungu wa konkuno ku Indiana, mlimi wa chimanga ndi soya. Mu shedi ya kumunda asiyamo galimoto imene anagula mu 1974 asanakwatire, Pontiac GTO ya 1969, ya denga la nsalu lija lopindikira kumbuyo. Sinayendenso chiyambire 2009 pamene bondo lawo linayamba kuvuta, poti ndi ya giya ya pamanja ndipo kilachi yake ndi yolimba kuponda.

Sabata yatha tinaivundukula ine ndi amuna anga. Mtundu wake uli ngati lalanje lakupsa, m'mbali muli mizere, pa buti pali phiko, ndipo pafupi ndi matayala akutsogolo palembedwa kuti The Judge, dzina la mtundu wapadera wa GTO. Matayala onse anaphwa. Mbewa zinamanga chisa pansi pa mpando wakumbuyo, fungo lake mukangotsekula chitseko likukulonjerani. Denga linang'ambika pakona yakumanzere, ndinapisapo zala zitatu. Mita ikusonyeza mamailosi 71,000 ndi kanthu. M'kabokosi ka kutsogolo tinapezamo envulopu ya malisiti ndi kabuku kamene malemuwo ankalembamo ndi pensulo tsiku lililonse limene asintha oyilo. Amuna anga atangoona zolemba za bambo awo anatuluka panja kukalira.

Apongozi aakazi akufunika kupita ku nyumba yosamalirako okalamba chaka chino chisanathe, ndipo kumeneko ndalama zimapita ngati madzi. Ndiye galimotoyi iyenera kugulitsidwa basi.

Vuto lili apa. Bambo wina amene anabwera pamaliro waimba foni katatu, akuti atipatsa madola 30,000 pamanja, abwera ndi thirela Loweruka. Mlamu wanga naye wapeza pa intaneti kuti Judge ina ya denga lopinda inagulidwa ndalama zoposa 1 miliyoni, ndiye sakufuna kumva china chilichonse. M'nyumba muno anthu sakuyankhulana bwino. Pakati pa 30,000 ndi 1 miliyoni, zoona zili pati? Tiikonze kaye kapena tigulitse momwe ililimu? Nanga timagulitsa kuti?

aPhiri Makaniko, Indianapolis

Pepani ndi zovutazo, achemwali. Choyamba, auzeni bambo a thirelawo kuti Loweruka sizitheka. Munthu woimba foni katatu panyumba ya maliro waona kanthu kamene inu simunakaone. Chachiwiri, wina asayerekeze kuika batire n'kuliza injiniyo. Petulo wa 2009 anasanduka phala, masilinda ndi ouma, mutha kuwononga m'mphindi imodzi chinthu chimene chimapatsa galimotoyo mtengo.

Mtengo simungaudziwe musanadziwe kuti muli ndi galimoto yanji kwenikweni. Zomata zolembedwa The Judge, mizere ndi phikolo zimagulitsidwa mpaka lero, aliyense atha kumata. Mu 1969 Pontiac inapanga ma GTO wamba a denga lopinda 7,328, koma a Judge a denga lopinda anali 108 okha. Ndiye mukuona chifukwa chake ma Judge abodza ali mbwee.

Pitani ku shediko ndi tochi ndi foni. Suzumirani pagalasi lakutsogolo mbali ya dalaivala, pali kachitsulo ka nambala ya VIN, nambala yozindikirira galimotoyo. Ikayamba ndi 24267, ndiye kuti ndi GTO yeniyeni ya denga lopinda: 2 ndi Pontiac, 42 ndi GTO, 67 ndi dengalo, kenako pabwere 9 wa chaka. Ikayamba ndi 23767, imeneyo ndi LeMans yovekedwa malaya a GTO, ndipo nkhani yonse yasintha. Koma VIN yokha sinena ngati ili Judge kapena ayi. Amene anganene ndi a PHS, Pontiac Historic Services. Mumawatumizira nambalayo ndi kandalama pang'ono, iwo amakutumizirani kope ya invoyisi ya kufakitale yosonyeza chilichonse chimene galimotoyo inatuluka nacho. Judge imaoneka ndi nambala 554. Popanda pepala limeneli palibe wogula wanzeru amene angalipire mtengo wa Judge.

Kenako injini. Kutsogolo kwake, mbali ya pasenjala, pali zilembo ziwiri zodinda pachitsulo. Pukutani ndi kansanza ka petulo, osapala ndi sandipepa. Pa ya giya ya pamanja, WT ndi injini wamba yotchedwa 400 ya mphamvu za akavalo 350, WS ndi Ram Air III ya 366, WW ndi Ram Air IV imene ndi yosowa kwambiri. Chapansi pake, pafupi ndi chivindikiro cha tcheni, anadindapo manambala omaliza a VIN. Akafanana ndi a pagalasi paja, azungu amati numbers matching, kutanthauza kuti injiniyo ndi yomwe galimoto inabadwa nayo. Ogula amalipira zambiri chifukwa cha chimenechi.

Mamailosiwo musawakhulupirire msanga. Mita ya nthawi imeneyo ikafika 99,999 imayambiranso pa ziro, ndiye 71,000 atha kukhala 171,000. Apa ndi pamene kabuku ka pensulo kaja kadzakuthandizeni. Musataye kapepala ngakhale kamodzi.

Pomaliza gwadani muone kunsi. Mchere umene amathira m'misewu ya kuno nthawi ya chipale umadya chitsulo. Yang'anani pansi pa buti, pansi pa makapeti, kuseri kwa matayala akumbuyo, makamaka felemu. Zamadenga a nsalu zimalowa madzi, ndiye zimawola pansi msanga kuposa zinzake. Gogodani ndi sikuludiraiva. Ikalowa ngati mukubaya papaya, jambulani pomwepo.

Ya mlamu wanuyo ndi yoona koma ndi ina. Inali Judge ya 1970 ya Ram Air IV, yokonzedwa ngati yatsopano, inapita pa 1.1 miliyoni ku okushoni ya Mecum ku Kissimmee mu January 2023. Zoterozo zinapangidwa zowerengeka ndi zala.

Mjomba wa ku Area 25

Ine ndili ku Lilongwe koma magalimoto amenewa ndimawatsata usiku ndi usana pa YouTube. Mayi, bwanji osaikonza kaye? Penti yatsopano, denga latsopano, mipando yatsopano, ikawala mtengo ukwera kawiri. Munthu sagula mbuzi yowonda pa mtengo wa yonenepa. Ndikanakhala ine sindikanagulitsa n'komwe, imeneyo ndi mbiri ya banja.

aPhiri Makaniko, Indianapolis

Mjomba, pa Corolla ya pa msika wa magalimoto ku Biwi nzeru imeneyo imagwira, koma apa ayi. Kukonza galimoto ngati iyi mpaka ifike pa muyezo umene ogula akuluakulu amafuna kumatenga chaka kapena ziwiri, ndipo kawirikawiri ndalama zolowa zimaposa zimene mtengo ukwere nazo. Ndawaona anthu akutaya ndalama za penshoni m'galaja. Komanso penti yatsopano imachititsa wogula kukayika kuti mwabisa chiyani pansi pake. Wogula weniweni amafuna aone dzimbiri ndi maso ake, awerengere yekha.

Chimene ndingachite ine ndi chochepa. Kuchotsa chisa cha mbewacho mutavala magolovesi ndi chophimba kumphuno. Kuitsuka ndi manja. Kupopa matayala kuti izikankhika. Kenako makaniko wodziwa zakale akhuthule thanki, achotse mapulagi, athire oyilo pang'ono m'masilinda, aizungulitse ndi sipanala. Ikazungulira, asinthe oyilo, atsuke kabyuleta, ailize. Galimoto yolira ndi yoyenda, ngakhale pabwalo pokha, imagulidwa bwino kuposa yongokhala. Mabuleki akonzedwe isanasunthe. Chilichonse chochotsedwa, ngakhale paipi yowola, chiikidwe m'katoni chipite ndi galimoto.

Za mtengo, achemwali, musayang'ane zimene anthu akutchula potsatsa, yang'anani zimene zinagulidwadi. Pa tsamba la okushoni ya magalimoto la Bring a Trailer ndi pa tsamba la Mecum mutha kuona ma GTO a 1969 a denga lopinda amene anagulitsidwa kale, zithunzi ndi mitengo yake. A Hagerty, kampani imene imalemba mitengo ya magalimoto akale, amaika magalimoto m'magulu anayi, 1 ndi yopanda banga ya pachionetsero, 4 ndi yoyenda koma yotopa. Yanu monga mwaifotokozera ili cha pa 4, mwinanso kutsikirapo mpaka italira. Eni galimoto ambiri amadzinamiza pamenepa, amaika yawo pa 2 chifukwa cha chikondi. GTO wamba ya denga lopinda imakhala m'madola masauzande makumi angapo. Judge yotsimikizika ya denga lopinda imalowa m'masauzande mazana. Ndiye 30,000 ija itha kukhala mtengo wapafupi ndi chilungamo, itha kukhalanso kuba masanasana. Pepala la PHS ndilo ligamule.

Kogulitsira kulipo kutatu. Mecum imabwera kuno ku Indianapolis mwezi wa May chaka chilichonse pa Indiana State Fairgrounds, ulendo wa maola osakwana atatu kuchokera kwanuko. Ogula a ndalama amadzaza, koma mumalipira polowetsa, thirela, ndi komishoni, ndipo galimoto yanu imakhala pa siteji mphindi zochepa chabe. Bring a Trailer ndi ya pa intaneti, okushoni imatenga masiku asanu ndi awiri, galimoto ili kwanu, ndipo komishoni ya 5 peresenti amalipira ndi wogula. Koma konzekani, anthu a kumeneko amafunsa mafunso ngati apolisi, ndipo bodza laling'ono amaligwira. Njira yachitatu ndi kugulitsa nokha kudzera kwa mamembala a GTO Association of America. Kulikonse kumene mungapite, ikani reserve, mtengo umene pansi pake simugulitsa. Ndalama za chisamaliro cha gogo si zochitira juga.

Mayi a Chisomo, Dallas

Asisi, za injini ndasiyira aPhiri, ine ndinena za mapepala ndi ndalama chifukwa zinandiwotchapo.

Yambani ndi title, imene kwathu timati blue book. Ili m'dzina la ndani? Ngati ndi la malemu okha, pitani ku BMV, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, mukafunse zofunika kuti isinthidwe musanatsatse. Wogula akamva kuti mapepala sanalongosoke amatsitsa mtengo kapena kuthawa. Ndipo mukhale pansi monga banja mulembe kuti wosaina ndani ndipo ndalama zilowa mu akaunti ya ndani. Chuma chamasiye chimadanitsa anthu kuno ngati kwathu komwe.

Pezaninso katswiri woyesa mitengo ya magalimoto akale, amene sakufuna kugula, alembe mtengo wake pa nthawi imene apongozi anamwalira. Malamulo a msonkho a kuno amawerengera phindu la katundu wamasiye kuyambira pa mtengo wa tsiku la imfa, osati umene malemu anagulira mu 1974. Pepala limenelo lidzakupulumutsani pa msonkho, komanso lidzatseka pakamwa pa aliyense wonena kuti munagulitsa motchipa. Muuzenso a inshuwalansi, shedi itapsa lero mungalire.

Ine ndinkagulitsa galimoto ya mchimwene wanga. Munthu wina anatumiza cheke cha kubanki choposa mtengo ndi madola 2,500, akuti zapamwambazo ndipatse wodzanyamula. Banki inaonetsa ndalamazo mu akaunti, ine n'kutumiza. Patatha masiku khumi anandiimbira kuti cheke chinali chabodza, ndipo 2,500 ija ndinabweza ndine. Mpaka lero mtima umandipweteka. Musapereke makiyi kapena title mpaka banki yanu itatsimikiza kuti ndalama zalowa ndithu kudzera pa waya, kapena mukumane ndi wogula mkati mwa banki momwemo. Ndipo adiresi ya kumunda musaiike pa intaneti, gogo amakhala okha.

aNabanda, South Bend

Ndabweranso patatha masabata atatu. Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni.

VIN ikuyamba ndi 242679, ndiye ndi GTO yeniyeni. Zilembo za pa injini ndi WS, ndipo manambala ake akufanana ndi a pagalasi. Amuna anga anagona chagada pa katoni theka la ola ndi tochi kukamwa kuti awaone. Mapepala a PHS afika Lachiwiri: Ram Air III ndi giya zinayi inatuluka nazo kufakitale, koma 554 palibe. Si Judge. Mtundu wake weniweninso unali wobiriwira, Verdoro Green, ndipo titakweza mphasa ya m'buti tinaupezadi m'makona momwe penti ya lalanje sinafike. Titawafunsa apongozi aakazi, anati iwo ankadziwa kalekale. Malemuwo anaipentetsa mu 1983 chifukwa kuyambira unyamata ankasirira Judge koma ndalama zinali zosakwana. Lisiti ya zomatazo tinaipeza mu envulopu muja.

Mlamu wanga anakhala chete tsiku lonse, koma tsopano ndiye akujambula zithunzi, wafika pa 180. Felemu ndi yolimba. Pansi pa buti pali pobooka pokwana chikhatho changa, ndipo tapajambula bwinobwino. Potsatsa tilemba poyera kuti zomata za Judge ndi zoikidwa pambuyo. Kabuku ka pensulo kakusonyeza kuti mita sinazungulire, 71,000 ndi yoona.

Bambo a thirela aja titawauza kuti tili ndi mapepala a PHS, anakwera okha kufika pa 42,000 tisanatchule kanthu. Tawauza mwaulemu kuti adzapikisane ndi anzawo pa okushoni. Tasankha Bring a Trailer, ndipo reserve tiika katswiri uja akabweretsa lipoti lake sabata yamawa.

Injini inalira Lachisanu madzulo. Utsi unadzaza shedi yonse, zikhokho za chimanga zimene mbewa zinabisa mu ekizozi zinathovoka ngati zipolopolo. Apongozi aakazi anatuluka m'nyumba ndi ndodo yawo, anaima pakhomo osanena kanthu. Apempha chinthu chimodzi, kuti mabuleki akatha mwana wawo awayendetse mpaka kutchalitchi kumene anakwatirira, denga lili lotsekula. APhiri, pampu ya dengalo ikungolira koma silikusuntha. Ndi mafuta atha, kapena tiyang'ane china?