Kodi "chimangirizo" ndi mawu a m'kalasi mokha?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu awa: chimangirizo. Tonse amene tinalembapo mayeso a Chichewa a MANEB, kaya a JCE kaya a MSCE, tikuwadziwa. Amakupatsa mutu, iwe n'kulemba chiyambi, thunthu ndi mathero. Koma ukangotuluka pachipata cha sukulu, mawuwa sumawamvanso. Mtolankhani amati walemba nkhani, wa ku yunivesite akamaliza kafukufuku wake amangotchula dzina lachingerezi.

Mmene ndikumvera ine, tsinde lake ndi kumanga, monga momwe chifupikitso chimachokera ku kufupikitsa. Nkhuni zomwazikana m'thengo si mtolo ayi. Mtolo ndi pamene wazitola, wazisanja, wazimanga ndi luzi mpaka zasenzeka. Choncho mfundo zimene mwana walemba pambali asanayambe sizinafike pokhala chimangirizo. Mawuwa akunena za ntchito yomalizidwa, yogwirana, ndipo zimandiwawa kuti tinawatsekera m'kope la mwana wasukulu.

Ndiye ndikufunsa: kodi agogo athu ankawagwiritsa ntchito kumudzi, mwina pa zomangamanga kapena pomanga mfundo pabwalo la milandu? Kapena anatchuka ndi mabuku a sukulu, Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968 ndi kubwera kwa Chichewa Board, bungwe loyang'anira chiyankhulochi, mu 1972?

Mphunzitsi wopuma: Mwafunsa bwino, bambo. Ife pophunzitsa tinkasiyanitsa chonchi: lembetso ndi mawu a wina, iwe umangolemba zimene ukumva. Chifupikitso ndi nkhani ya wina imene waipungula. Chimangirizo chokha ndiye chako, maganizo ako, dongosolo lako. Mwana akalemba ndime zosalumikizana, ngakhale atadzaza masamba awiri, tinkamuuza kuti sanamange kanthu.

Wolemba ndakatulo: Pepani achimwene amene mwafunsa, pang'ono pokha ndikutsutsani. Kumalizidwa kokha sikukwanira. Ndakatulo yanga ndikaimaliza imakhala ndakatulo, sewero limakhala sewero. Ngakhale pamayeso pomwepo, kalata ndi chimangirizo amazitchula padera. Ntchito iliyonse yotha tingoti cholembedwa.

Wofunsa: Zikomo nonse. Pa ndakatulo ndi kalata ndavomera, achemwali. Koma cholembedwa chikundichepera, chifukwa ngakhale mndandanda wa ngongole pagolosale ndi cholembedwa. Nanga nkhani ya maganizo a mkonzi m'nyuzipepala, ija imatenga mutu umodzi n'kuutambasula mpaka kumapeto, tikaitcha chimangirizo talakwa pati? Aphunzitsi, inu mungaichonge ngati chimangirizo?