Kodi ndigumule khoma kuti chipinda chifike kumpanda?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse. A adimini chonde dzina langa lisaoneke, aneba anga ali pagulu pomwe pano. Nyumba yathu ili ku Machinjiri, ya njerwa zootcha, pamalo otsetsereka pang'ono. Chipinda cha ana n'chothina zedi, mamita 3 mulitali, 2.4 mulifupi. Bedi ya pamwamba ndi pansi ikalowa, chitseko cha wadilopu chimangotseguka theka. Kuseri kwa khoma lake kuli kanjira ka mita 1.2 pakati pa nyumba ndi mpanda, komwe kwangodzaza zidebe zakutha ndi matayala. Bilidala wina akuti tigumule khomalo, mpandawo aukweze mizere ingapo ukhale khoma la chipinda, alumikize malata, sabata imodzi yatha. Bambo a kunyumba avomera kale koma ine mtima ukukana, pajatu mpandawo tinasonkherana ndi aneba. Amene munachitapo zotere, zimatheka?

Mmisiri womanga, Bangwe:
Mayi, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, wina akwere m'siling'i ndi tochi akaone pomwe makenchi, matabwa osenza denga aja, akhala. Ngati atsamira pa khoma limenelo, ndiye kuti lasenza denga. Khoma lotero sagumula chigumulire. Amayamba achirikiza denga ndi milongoti, kenako n'kuthira bimu ya konkire yokhala ndi zitsulo, yotsamira pa zipilala mbali zonse ziwiri. Konkire imakhwima bwinobwino pakatha masiku 28, ndiye sabata imodziyo ayitenga kuti? Kukula kwa zitsulo akuuzeni injiniya ataona yekha, osati ife pafoni.

Za mpandazo ndiye kanani. Mipanda yambiri kuno maziko ake ndi osaya, njerwa ndi mzere umodzi wopyapyala, ndipo pansi sayala pulasitiki yakuda ija yotchinga chinyontho. Dzinja limodzi lokha penti yasupuka, nguwi zabwera, zovala za ana zikununkha chuku. Khoma latsopano limafuna maziko akeake, mkati mwa poloti yanu. Tsono werengerani nokha: pa mita 1.2 mukasiya mpata woti munthu adutse, mutsala ndi theka la mita basi.

Achimwene a ku Ndirande:
Gumulani asisi, malo ndi anu amenewo. Kwathu kuno malata anagundanagundana kalekale, anthu akugona bwinobwino.

Mayi wa ku Chilomoni:
Achimwene musawanamize anzathu. Achemwali, kanjirako munakaonapo mvula ikugwa? Pamalo otsetsereka madzi onse ochokera kumtunda ndi apadenga amadutsa momwemo. Aneba athu anatseka kawo n'kupanga sitolo, mvula yoyamba madzi anasowa kolowera, anadikha kuseri kwa khoma mpaka kulowa pansi pa chitseko cha kukhitchini. Pamene anabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mpanda wawo unagwera kwathu, unaphwanya khola la nkhunda za ana anga. Mpaka lero moni wathu ndi wapakamwa chabe.

Bambo wina wojambula mapulani:
Kukuza nyumba mumzinda kumafuna chilolezo monga momwe zimakhalira pomanga yatsopano. Pulani imapita ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, ndipo lamulo lake ndi Physical Planning Act ya 2016. Chimodzi mwa zomwe amayang'ana ndi mpata wapakati pa nyumba ndi malire a poloti. Ambiri amangomanga, inde, koma aneba akakadandaula mukhoza kuuzidwa kuti mugumule ndi ndalama zanu. Komanso mpanda wosonkheranawo si wanu nokha. Lero mukumwa tiyi limodzi, mawa nyumba ija agulitsa, wogulayo sadziwa za mgwirizano wapakamwa.

Pulambala:
Ine langa ndi limodzi. Paipi ya kubafa ndi ya kuchimbudzi zadutsa kuti popita ku septic tank? Nyumba zambiri zimadutsa m'kanjira ngati kameneko. Mukaona kachivundikiro ka konkire pansi, ndi pomwe timatsegula paipi ikatsekeka. Musakagoneke ana pamwamba pake.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Kachivundikiroko kalipodi, kali kukona. Madzinso amathamangadi mmenemo, tinachita kukumba kangalande. China chomwe sindinanene, windo la chipindacho ndi limodzi ndipo lili pa khoma lomwelo.

Kalipentala, Chirimba:
Aaa mayi, ndiye bilidalayo amati windo aliika kuti? Pampanda loyang'ana pabwalo la aneba? Kapena ana azikhala mumdima ngati m'sitolo? Mu Okutobala muno mudzawamvera chisoni. Dengalonso silingochita kulumikiza. Malata amapita motsika, mukawonjezera mita yathunthu kumapetoko siling'i itsika, wogona bedi yapamwamba azigunda mutu. Mukati muwagoneke kuti asatsike kwambiri, madzi amabwerera pa joini n'kumadontha. Madzi apadengapo azikagweranso kwa aneba, pokhapokha muike gatala, ndipo gatala wobisika kuseri kwa khoma akadzaza masamba a mango simudziwa mpaka siling'i itada.

Vuto lanu ndi wadilopu, si choncho? Boolani khoma pambali pa windo, malo a wadilopu okha, muikepo lintala, kabimu kogwira njerwa za pamwamba pobowolapo, mutulutse kakhoma masentimita 60 panja. Wadilopu ilowe m'khoma, zitseko zikhale zokankhira cham'mbali. Windo latsala, ngalande yatsala, kanjira munthu adutsabe chammbali.

Membala wobisa dzina:
Mwana wa achimwene wakwera m'siling'i madzulo ano, makenchi onse akhaladi pa khoma lomwelo. Bambo a kunyumba ndawawerengera zonsezi, angoti tikambirana. A kalipentala ndi a mmisiri a ku Bangwe, wadilopu yathu ndi ya mita 1.5. Pobowola malo otero kenchi imodzi ikhala pamwamba penipeni pa lintalayo, kodi pamenepo pafunikabe injiniya? Nanga tiyambe pano kapena tidikire mvula ithe?