Mutu wa nkhwazi ukungotuwa, ndithandizeni

aMbewe: Akuluakulu, ndagwira njakata. Loji ina ya ku Mangochi yandipatsa ntchito yojambula nkhwazi ndi utoto wamadzi, ndipo akuifuna Lachisanu. Mapiko akudawo ndi mimba yofiirira zatheka bwinobwino, koma mutu ndi chifuwa zandikanika. Ndapakapo utoto woyera katatu konse, m'malo mowala mutuwo wangotuwa ngati khoma la laimu lovumbwidwa ndi mvula. Mapepala awiri apita kale, ndipo mtengo wake mukuudziwa.

Nachisale: Pepani achimwene, chikukupwetekani ndi utoto woyerawo. Pa utoto wamadzi kuyera kumachokera ku pepala lenilenilo. Mutuwo musaukhudze, detsani kumbuyo kwake ndi mtambo wa mvula kapena masamba, muona wayera wokha. Kenaka sungunulani buluu pang'ono ndi kadontho ka bulauni, madzi ambiri, muike mthunzi kunsi kwa mlomo, kuseri kwa diso ndi pomwe khosi lapindika. Nthenga musaziwerenge imodziimodzi, timizere tisanu tokha m'mbali mwa mthunziwo tikwana.

aMbewe: Zikomo achemwali. Nanga madzi a kumbuyoko akalowerera m'mutumo?

Nachisale: Tsekani m'mphepete ndi masking fluid, madzi aulimbo otchinga utoto kuti usafike papepala, omwe mumamatula pambuyo pake. Ngati mulibe, nyowetsani kumbuyo kokhako, mutu ukhale wouma gwaa, utoto sudumpha malire a madzi. Kunyanjako pepala limachedwa kuuma kukakhala chinyezi, ndiye musapupulume.

aGama: Mwanena zoona mayi. Ine ndionjezere za John James Audubon, wojambula mbalame wa ku America, amene mbalame zake zidasindikizidwa ku Edinburgh ndi ku London pakati pa 1827 ndi 1838, zithunzi 435 za m'buku la Birds of America, mbalame iliyonse pa msinkhu wake weniweni. Munthu uja sankadalira utoto wamadzi wokha. Ankadutsanso ndi pensulo ndi pastel (utoto wouma wonga choko) pamwamba pake kuti nthenga zioneke zofewa, zokhala ngati ungazisisite. Ndiye mphwanga, pepala lachiwirilo usataye, likauma yesererapo pastel woyera. Koma chimene ndimamulemekezera n'chakuti mbalame ankaidziwa mpaka ku chikhadabo. Iye ankaziwombera n'kuziimika ndi mawaya, zomwe ife sitingachite ndipo sitiyenera kuchita. Ife tili ndi maso ndi Shire. Ndidakhalapo m'bwato ku Liwonde m'mawa wonse kuyang'ana nkhwazi imodzi pamtengo wouma, ndipo ndidaona kuti chifuwa chake chakumunsi, pomwe choyera chakumana ndi chofiirira, chimatenga kachikasu dzuwa likamatuluka, pomwe pamwamba pa mutu pamakhala kabuluu ka thambo. Chithunzi cha pafoni chimafafaniza zonsezo.

aMbewe: Bambo, mwandigwira pomwepo, ndimatengera chithunzi cha pa Facebook.

aGama: Ndidadziwa. Uonetsetsenso kuti si mwanapiye, chifukwa nkhwazi yaing'ono imakhala yamawangamawanga, mutu umayera bwino patapita zaka zingapo. Khungu lachikasu lija lichoke pa mlomo lifike mpaka pa diso, nsonga ya mlomo ikhale yakuda.

aMbewe: Ndayambiranso pa pepala lachitatu, kumbuyo ndaika mtambo wakuda wa ku Nkopola. Mutu sindinaukhudze n'komwe koma wayamba kale kuwala. Mawa mbandakucha ndipita kugombe ndi kope langa, mthunziwo ndiika ndikabwerako.

Nachisale: Diso mumalizire, ndipo musiyemo kadontho ka pepala kosapaka.