Za nyumba ya ana a sukulu yazachipatala ija

Mlembi (Lilongwe): Abale, mwaswera bwanji? Nkhani yomwe inatsalira Loweruka ndi iyi. Akuluakulu a kuchipatala chathu apempha kuti tikonze nyumba ya kuseri kwa matenite, ija inasasuka denga ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kuti ophunzira unamwino azigonamo akabwera kudzaphunzira ntchito kumudzi. Ndalama za m'thumba lathu zingokwanira chimodzi: nyumbayi kapena mjigo wa kusukulu. Yankhulani.

Bambo a Chisomo (Joni): Mjigo basi. Ana athu akumwa madzi a pachithaphwi, ife tizifolera nyumba ya ana a eni ake? Sukulu zawozo zimalandira fizi.

Anamwino (Leeds): Achimwene, ndiloleni nditalikitseko pang'ono. Ine m'kalasi ndinaphunzira kolera mpaka kukhoza mayeso. Koma ndinadzaidziwa tsiku limene mlangizi wa zaumoyo ananditengera pabwato ku Chilwa kukaona asodzi a m'zimbowera, tinyumba toyandama panyanja. Munthu amagona pamadzi, kumwa madzi omwewo, kudzithandiza momwemo, miyezi osaponda kumtunda. Ndiye iwe uimirire n'kumuuza kuti "muzigwiritsa ntchito chimbudzi"? Akuseka. N'chifukwa chake pa katemera wakumwa wa 2016, asodzi ena anangopatsidwa dozi yachiwiri kuti akamwere konko, poti sakanabwerera kudoko pa tsiku lake. Nzeru imeneyo sungaiganize uli mu ofesi. Ngakhale ophunzira udokotala ku Blantyre, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, amawatumiza ku Mangochi kuti akaone m'midzi mmene anthu amakhalira.

Malume Phiri (kumudzi): Zoona mwana wanga, koma ifenso tili ndi lathu dandaulo. Ena anabwerapo ndi mapepala awo. Kutifunsa mazenje angati, masikito angati, mwana anatsegula m'mimba liti. Mayi anu anasiya kupalira kuwayankha. Galimoto itawatenga, zii mpaka lero. Kodi ndife munda wa chitsanzo?

Bambo a Chisomo (Joni): Mwamvatu.

Mayi a Tadala (Zomba): Amalume mwanena zoona, koma onani kuti amenewo ankabwera m'mawa n'kubwerera masana chifukwa analibe pogona. Wogona pamudzi ndi wina. Amamva ngolo ikubwera ndi mayi woyembekezera pakati pa usiku, amaona amayi a kuchidikiro akuphika opanda ndiwo, ku sikelo ya ana amathandiza kuyeza. Mzamba wathu ali yekha, nayenso apumeko.

Anamwino (Leeds): Pamenepo tisamalepo achemwali. Wophunzira si wantchito waulere. Sayenera kubereketsa kapena kubaya jakisoni popanda womuyang'anira. Ngati sukuluyo situmiza mphunzitsi wawo, mzamba wathuyo ndiye aziphunzitsa pamwamba pa ntchito yake, mtolo uwonjezekere.

Aphunzitsi (opuma): Ine changa n'china. Atsikana a Sitandade 8 pano sanaonepo msungwana wa msinkhu wa azikulu awo atavala yunifomu ya unamwino. Komanso likodzo lachuluka, anyamata ena amayesa kukodza magazi ndiye kukula. Akabwera, azifikanso kusukulu.

Bambo a Chisomo (Joni): Ndiye akaphunzitse ukhondo pasukulu yopanda madzi? Aphunzitsi, inunso!

Malume Phiri (kumudzi): Ine ndivomera pokhapokha alembe kuti asanachoke azikhala pansi ndi a mfumu ndi komiti ya zaumoyo, atiuze zimene apeza, m'Chichewa. Njerwa ndi mchenga tidzatuta tokha, malata okha ndiwo avute.

Msungichuma (Mzuzu): Ngati njerwa ndi mchenga zili kwa inu amalume, masamu asintha. Ndipatseni mpaka Lachitatu ndifunse mitengo ya malata ndi misomali. Mwina mjigo tikhoza kuperekako theka. Komanso anthu 9 simunapereke ya mwezi watha, ndikudziwani.

Mlembi (Lilongwe): Kalata yopita kusukulu ya anamwinoyo ndilemba ine, mfundo ya amalume ikhala yoyamba, ya womuyang'anira yachiwiri. A ku Joni, mwavomera?

Bambo a Chisomo (Joni): Ndione kaye mitengoyo.