Ndithandizeni: msonkhano wa ku Bandung ndiutenge bwanji?

Anzanga amene munaphunzira za ubale wa mayiko, mutu waima. Ndikulemba pepala lomalizira digiri, koma mabuku athu ambiri amayambira pa pangano la mtendere la mayiko a ku Ulaya la Westphalia la mu 1648, n'kulumphira ku yunivesite ya Aberystwyth ku Wales komwe kunakhala pulofesa woyamba wa phunziroli mu 1919. Za utsamunda amangolambalala, ngati kuti msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, kumene mayiko a ku Ulaya anakambirana zogawana Africa, unali nthano chabe.

Ine mtima uli pa Bandung, ku Indonesia, mu April 1955. Mayiko 29 a ku Asia ndi Africa anakhala pansi okhaokha, popanda Britain kapena France, n'kudzudzula utsamunda poyera. Koma pondizunguza ndi apa. Sukarno, mtsogoleri wa Indonesia, ndi Nehru, nduna yaikulu ya India, analimbana ndi atsamunda, inde, komabe chimene anagwiritsitsa ndi boma, asilikali ndi malire zimene atsamunda omwewo anasiya. Nayo OAU, bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo, itakumana ku Cairo mu 1964, inagwirizana zosunga malire aja.

Kodi kumeneku n'kukana utsamunda kapena kuulowa chokolo? Amene munalembapo nkhani yotereyi, munaiyambira pati? Aphunzitsi akufuna mutu wa pepalali sabata yamawa.