Gulu la Mbumba: za Loweruka kwa agogo

Atsibweni (Limbe): Mwadzuka bwanji nonse. Nkhani ndi ya mphwanga, bambo a mapasa. Lamulungu lapitali akwanitsa masabata asanu osalawa kachasu. Ndalankhula ndi agogo anu, akuti Loweruka likubwerali tikumane kwawo ku Chitakale 9 koloko m'mawa. Tiyambe ndi mapemphero othokoza, tikatero tione pomugwira dzanja.

Mayi aang'ono (Chonde): Aleluya! Zaka zinayi ndakhala ndikugwada chifukwa cha mwana ameneyu. Mulungu sataya wake. Ndibwera ndi amayi awiri a Mvano, mkulu wa mpingo ndamuuza kale.

Achemwali aakulu: Amen mayi. Koma musandide, ndinene zoona. Chaka chatha tinaimbanso chonchi, miyezi iwiri isanathe tinakawatola ku Limbuli atagona kuseri kwa msika, nsapato imodzi palibe.

Mayi aang'ono (Chonde): Mwanawe, usamuikire Mulungu malire.

Achemwali aakulu: Mulungu sindikumukayika ayi. Chimene chikundiopsa ndi mwezi wa May. Mvula ikatha tiyi amachepa, ku esiteti amachotsa aganyu, munthu n'kumadzuka wopanda kolowera mpaka December. Ndi nthawi yomweyo imene anagwa.

Atsibweni (Limbe): Apo walasa. Aliyense awerenge Mateyu 12:43-45 tisanakumane. Mzimu woipa uja utachoka unabwereranso, n'kupeza nyumba yosesedwa bwino koma mulibe wokhalamo. Unakatenga inzake isanu ndi iwiri. Ife chaka chatha tinasesa, tinaimba, tinadya nkhuku, aliyense ulendo kwawo. M'nyumbamo sitinasiyemo kanthu.

Wa ku Joni: Ndiye timugulire njinga ya kabaza basi. Ine ndiikapo K60,000, nditumiza pa Mukuru Lachinayi.

Mlamu (mayi a mapasa): Pepani alamu, mundilole ndiyankhulepo. Kabaza ayi. Siteji yake ili moyang'anizana ndi kwa mayi wotcheza kachasu uja. Komanso ndalama ya m'thumba tsiku ndi tsiku ndi imene inkawapweteka. Ine maso anga ali pa dimba la agogo la kumtsinje lija. Lagona chiyambire namondwe wa Freddy mu March 2023. Mchenga unakwirira mbali imodzi yokha, kumtunda kuli bwinobwino.

Wa ku Joni: Dimba lichedwa kubweretsa ndalama mlamu.

Mlamu (mayi a mapasa): Mpiru suchedwa, pakatha mwezi ndi theka tayamba kuthyola. Koma ine sindikuwerengera ndalama zokha. Dimba limafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndipo madzulowo, kuyambira 4 koloko, ndi pamene miyendo yawo imayabwa.

Mphwathu wa ku Bvumbwe: Mlamu wanena zomveka. Mbande za tomato ndi kabichi ndibwera nazo ine, kuno ndi kwawo kwa zimenezo. Makeni awiri othirira ndili nawo. Nthochi zokha musathamangire kutenga ana ake kwa aneba, chisaka chinatimaliza kale kuno ku Thyolo. Mufunse alangizi za mbewu yopanda matenda.

Msuweni namwino: Ndiikepo langa ndisanalowe ku wodi. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka akasiya mwadzidzidzi, masiku oyambirira amanjenjemera, thukuta kamukamu, tulo osabwera. Ena amagwa ngati akhunyu, ena amaona zinthu zomwe palibe. Achimwene pamenepo adutsapo kale, tithokoze. Koma zitachitika kuti aterereka n'kuyambiranso kusiya, mukaona zimenezi musamangoti ndi ziwanda. Thamangani nawo ku Mulanje Mission kapena ku chipatala cha boma. Kupemphera muzipemphera muli m'njira.

Mayi aang'ono (Chonde): Ndamva anamwino athu. Luso lanulo wakupatsani ndi Mulungu yemweyo. Ine changa ndi ichi: mwana ameneyu ankaimba besi mpingo wonse n'kutembenuka. Kwaya imaphunzira Lachitatu ndi Loweruka madzulo. Abwerere.

Achemwali aakulu: Besi imeneyo takhala tikuimva usiku pa msewu wa ku Muloza, nyimbo zake zina 😂

Atsibweni (Limbe): Iwe, khala ndi ulemu. Tsono timvane. Aliyense wapantchito K20,000, wa ku Joni wanena kale yake. Zonse zipite pa Mpamba ya mlongo wanu wamkuluyo pofika Lachisanu. Agule feteleza, khasu latsopano ndi mbewu, malisiti awajambule aike pano. Zogulitsa zikayamba, ndalama zizilowa ku banki m'khonde ya mayi a mapasa.

Bambo a mapasa: Ndawerenga zonse. Mwina mwaiwala kuti nane ndili pagulu pano.

Achemwali aakulu: Ayi ine sindinaiwale. Ndimafuna mumve.

Bambo a mapasa: Ndamva, ndipo simunaname. Nsapato ija sindinaipezenso. Koma ndikuuzeni chimene chinkanditengera kumeneko. Ndikagona ndimawerengera fizi ya mapasa, chimanga chatha, ngongole, mutu n'kutentha. Ndikamwa zimakhala chete mpaka m'mawa. Masiku ano zikayamba ndimadzutsa mayi a mapasa, timawerenga 1 Petro 5:7 ndi tochi ya foni, kumutulira Mwini wake nkhawazo. Usiku wina zimatheka, wina ndimangokhala pakhonde mpaka atambala. Dimba ndalivomera, kukwaya ndipita. Ndili ndi pempho limodzi. Kwa mayi wotcheza uja ndili ndi ngongole ya K18,000. Ndalama ndasunga, koma ndikaponda pakhomo paja ndekha sindikudziwa ngati ndingabwereko bwino.

Achemwali aakulu: Apatseni mlamu ndalamayo, ndidzera mawa pochokera kumsika ndikapereke ndine. Ndikamuuzanso kuti akadzakuonani mukudutsa asamakuitaneni.

Mayi aang'ono (Chonde): Ndikulira kuno. Nkhuku ya Loweruka ndi yanga.

Atsibweni (Limbe): Nkhuku idyedwe tikabwerako kudimba. Aliyense abwere ndi khasu lake, inenso ndemwe.

Wa ku Joni: Atsibweni ndi khasu? Wina ajambule chonde.